Khobidi la agogo: mtengo wake akuutchula ndani?

Kwathu ku Mtakataka, ngakhalenso pa msika wa Golomoti, kumabwera anyamata ofunsa ndalama zachitsulo zakale. Amafuna khobidi lija lobooka pakati, tiki, sheleni, chilichonse chokhala ndi nkhope ya Mfumukazi kapena ya Kamuzu akadali ndi mphamvu. Pa Facebook amalengeza kuti ndalama zoterezi zimagulidwa mamiliyoni kunja. Akafika pakhonde pa gogo, nyimbo imasintha: "Agogo, iyi yatha, yafufutika, ndingokuthandizani ya sopo." Pakamwa pamodzi pakutuluka mitengo iwiri ya chinthu chimodzi, ndipo ife ophunzira tikungoonerera. Ena a ife ndi amene tikugwira ntchitoyi nthawi ya holide.

Ine ndikuti vuto si umbuli wa gogo. Vuto ndi lakuti wogula ndi yemwenso akuweruza ubwino wa katundu, ndipo palibe wina woti n'kukafunsako.

Ndalamazi zilipodi m'mabokosi ndi m'zitini za anthu. Khobidi lobooka la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland lili ndi njovu ziwiri, theka lake lili ndi akadyamsonga. Mu 1964 dziko litalandira ufulu kunatuluka ndalama zathuzathu: sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri yokhala ndi njovu. Kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. Onjezani zomwe azigogo athu anabwera nazo kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale. Zonsezi ndi mbiri. Koma mbiri ndi mtengo ndi zinthu ziwiri, ndipo chomwe chimazilumikiza kunjako ndi nambala.

Ku America osonkhanitsa ndalama zakale amagwiritsa ntchito muyeso woyambira pa 1 kulekeza pa 70, umene William Sheldon anayambitsa mu 1949. Ndalama yotheratu ili pansi penipeni. Kuyambira 60 kukwera m'mwamba ndi ndalama yomwe sinayendepo m'manja mwa anthu. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kupereka nambalayi basi. Akuluakulu ndi awiri: PCGS, yomwe inayamba mu 1986, ndi NGC ya mu 1987. Palinso ANACS, yakale kuposa onsewa, ya mu 1972. Umatumiza ndalama yako, akatswiri amaiyang'ana, amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki komata, n'kulembapo giredi. Kuchokera pamenepo anthu ambiri sagulanso ndalamayo ndi maso awo. Amagula nambala ndi dzina la kampani yolemba nambalayo.

Apa ndiye pagona nkhani. Ndalama ziwiri zofanana, za chaka chimodzi, zonse zolembedwa 65, zitha kugulidwa mitengo yosiyana kwambiri chifukwa chakuti makabokosi ake ndi a makampani osiyana. Pa ndalama za ku America ogula ambiri amalipira moonjezera akaona dzina la PCGS. Pa ndalama za maiko ena NGC ndiyo yafala. Kabokosi ka kampani yosadziwika, ngakhale katalembedwa 70, ogula odziwa amakatenga ngati ndalama yosayesedwa n'komwe. Chifukwa chake si matsenga. Makampani awiri akuluwa amalonjeza kubweza ndalama ngati zapezeka kuti anapatsa giredi chinthu chachinyengo kapena anakweza nambala mopitirira. Wogula akulipirira lonjezolo, komanso chikhulupiriro chakuti mawa akafuna kugulitsa, wina adzavomereza nambala yomweyo.

Musaganize kuti ndikuwatamanda azunguwa ngati angelo. Giredi ndi maganizo a munthu, si kulemera kwa pa sikelo. Pali amalonda amene amaswa kabokosi, n'kutumizanso ndalama yomweyo ku kampani yomweyo kapena ina, kawiri katatu, mpaka 64 itasanduka 65, poti pa ndalama zina sitepe imodzi yokhayo imachulukitsa mtengo kangapo. Mu 1990 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linatengera PCGS kukhoti pa zomwe inkanena potsatsa ntchito yake, ndipo nkhaniyo inatha mogwirizana. Mu 2007 kunabadwa kampani ina, CAC, yoti iziyang'ananso ndalama zomwe PCGS ndi NGC ayesa kale n'kumatapo kachizindikiro kobiriwira ikagwirizana nawo. Kachizindikiro kameneko nakonso kamakweza mtengo. Woweruza wafunika womuweruza. Zoseketsa, inde, koma onani kusiyana kwake ndi kwathu: kumeneko wogulitsa akakana chigamulo ali ndi khomo lina loti agogode.

Abale athu okhala ku Johannesburg akuidziwa bwino nkhani ya R5 ya Nelson Mandela ya mu 2008, yokumbukira zaka zake 90. Zinapangidwa mamiliyoni ambirimbiri, zoti anthu azigulira buledi. Zochepa zomwe zinapatsidwa giredi yapamwamba kwambiri ndi NGC kapena PCGS zinagulitsidwa mitengo yododometsa, ndipo mbiri inafala kuti aliyense wokhala ndi R5 ya Mandela walemera. Anthu anazisunga m'masokosi. Banki yaikulu ya dzikolo yakhala ikubwereza kuti ndalama yoteroyo ikakhala yoyenda m'manja mtengo wake ndi R5 basi. Amene anapindula ndi omwe anali pafupi ndi woyesa ndipo anagulitsa msanga. Wosunga m'sokosi anangotsala ndi nkhani yokamba.

Mlimi wa thonje wa ku Golomoti safunika kumufotokozera zonsezi, amazidziwa ndi thukuta lake. Boma limalengeza mtengo wotsikitsitsa, koma mtengowo uli ndi giredi A ndi giredi B, ndipo pamsika amene amatsegula thumba n'kunena kuti thonje ili lada nthawi zambiri ndi wogula yemweyo. Mlimi wa mpunga ku Bwanje naye amamva kuti mpunga wake ndi wosweka kuchokera kwa munthu amene akufuna kuugula motchipa. Sikelo tili ndi a Malawi Bureau of Standards oti aziyang'anira. Nanga diso la wogula amaliyang'anira ndani? Mnyamata wogula makobidi wangotengera mwambo umene anaupeza. Amadziwanso kuti gogo akakana, palibe wina abwere mwezi uno, ndiye amamukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mnzanga wina wa ku koleji anandiyankha kuti, "Aise, ngati zili choncho, gogoyo angotumiza ndalama zake ku NGC." Ndi zonena za munthu amene sanawerengetsere. Kuyesetsa ndalama imodzi, ukaphatikiza zotumizira ndi zobwezera, ndi madola makumi angapo, m'dziko limene ngakhale wamalonda wamkulu akusowa madola ku banki. Ndipo tinene chilungamo chowawa: ambiri mwa makobidi a m'zitini zathu anapangidwa ochuluka zedi, anayenda m'misika zaka ndi zaka, ena anatungidwa pachingwe. Atayesedwa angapeze nambala yotsika, ndipo mtengo wake sungabweze n'zolipira zomwe. Wolonjeza mamiliyoni pa Facebook akunama. Koma izi sizikuyeretsa wonena kuti zonse ndi zinyalala, chifukwa pakati pa mulu wa ndalama wamba pamatha kupezeka ya siliva, kapena ya chaka chosowa, kapena yomwe inagona m'nsalu osagwiritsidwa ntchito. Iyeyo amadziwa kusiyanitsa, gogo sadziwa, ndipo phindu lake lonse lili pa kusiyana kumeneku.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi chakuti wochita izi nthawi zambiri ndi mwana wa m'mudzi momwemo, wophunzira, wokhala ndi foni ndi intaneti. Mabuku ofotokoza chaka, chitsulo ndi kuchuluka kwa ndalama iliyonse yomwe inapangidwa alipo, ndipo zambiri zimawerengeka pa foni. Iye amawerenga asanafike pakhomo, koma foniyo saionetsa. Sukulu imene gogo analipirira pogulitsa mbuzi yasanduka chida chomudyera.

Sindikupempha kuti tikhale ndi PCGS yathu. Msika wake palibe. Ndikupempha chinthu chaching'ono: munthu wodziwa amene sakugula. Ku Mua kuli malo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungira chikhalidwe ya Chamare, komwe anthu a dera lino anazolowera kale kuti chinthu chakale chimafunsidwa mbiri yake chisanatchulidwe mtengo. Ophunzira a mbiri yakale a ku Zomba kapena ku Mzuzu atapempha malo ngati amenewo tsiku limodzi pa holide, n'kukhala pansi ndi buku, galasi lokulitsira ndi kasikelo kakang'ono, atha kumuuza munthu kuti iyi ndi ya chaka chakuti, chitsulo chake ndi chakuti, ndi yofala kapena yosowa. Lamulo likhale limodzi: woyang'anayo asagule, ndipo asatchule dzina la wogula.

Pakadali pano, mukapita kumudzi, auzeni agogo asakweche ndalamazo ndi phulusa, mchenga kapena ndimu pofuna kuti ziwale. PCGS ndi NGC onse akaona kuti ndalama inatsukidwa saipatsanso nambala, amangolemba kuti ndi yeniyeni koma yotsukidwa, ndipo mtengo umagwa. Pa mfundo imeneyi makampani awiriwa amagwirizana.