Azakhali anga a ku Mbungo sanadziwe kuti amadya "gluten-free"

Holide yapitayi ndinakwera Ilala kupita ku Likoma kukacheza kwa azakhali anga ku Mbungo. Ndinanyamuka ndi kamfundo kanga m'mutu. Pa TikTok ndi pa Facebook anthu akhala akutamanda kadyedwe kopewa gluten ndi mkaka, ati khungu limasalala, mimba imaphwa, mutu umagwira bwino. Amatchulanso Novak Djokovic, katswiri wa tenesi uja, yemwe anasiya zakudya za tirigu mu 2010 ndipo chaka chotsatira anatenga zikho zikuluzikulu zitatu. Ndiye ndinati ndiyese masabata awiri: buledi ayi, mandasi ayi, mkaka mu tiyi ayi.

Nditawafotokozera azakhali, anaseka mpaka misozi. "Mwanawe, ife kuno timadya choncho chibadwire. Nanga bwanji sanatijambule?"

Ankanena zoona. M'mawa timadya chinangwa chophika kapena mbatata, masana kondowole ndi usipa, pambali chigwada chotendera, madzulo mwina utaka. Dothi la pachilumbapa ndi la mchenga ndi miyala, chimanga sichichita bwino koma chinangwa chimapirira. Ufa wa tirigu umachita kubwera pa sitima, ndipo mkaka wa ng'ombe si wopezeka wamba.

Kodi gluten ameneyu n'chiyani? Ndi puloteni wopezeka mu tirigu, barley ndi rye basi. Mu chimanga, mpunga, chinangwa, mapira, mawere ndi mbatata mulibe. Mutha kumuona ndi maso anu. Kandani ufa wa tirigu wokwana kapu imodzi ndi madzi pang'ono, muusiye kwa mphindi 30, kenako muzifinya chibuluma chija m'beseni la madzi. Madzi ayera ndi sitachi. Muzisintha madziwo mpaka m'manja mutsale kanthu konanda, kotamuka ngati mphira. Ameneyo ndi gluten, ndipo Jacopo Beccari wa ku Italy anamupeza mwa njira yomweyi m'zaka za m'ma 1700. Ndi ameneyu amakola mpweya wa yisiti kuti buledi afufume. Mukayesa ndi ufa wa kondowole, zonse zingosungunuka m'madzimo.

Alipo anthu amene gluten amawadwalitsa kwenikweni. Matenda ake ndi coeliac, ndipo amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 aliwonse padziko lapansi. Munthu wotereyu akadya za tirigu, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga ma villi a m'matumbo aang'ono, tizala tija timayamwa chakudya tomwe mumajambula pa Biology. Ma villi akaphwanyika, munthu amadya koma thupi sililandira. Amatsegula m'mimba pafupipafupi, amaonda, magazi amachepa, mwana amapinimbira. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona kuti pa njala ya mu 1944 ndi 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso. Kwa anthu amenewa kupewa gluten ndi mankhwala, ndipo ndi a moyo wonse.

Za mkaka ndi nkhani ina, ndipo iyi ikutikhudza ambiri. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, yemwe amagayidwa ndi enzyme yotchedwa lactase. Khanda limakhala ndi lactase wambiri, n'chifukwa chake bere la mayi silivuta. Koma munthu akamakula, thupi limachepetsa kupanga enzyme imeneyi. Izi zimachitika kwa anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse padziko, choncho si matenda ayi, ndi momwe ambirife tinabadwira. Omwe amagaya mkaka bwinobwino mpaka kukalamba ndi zidzukulu za anthu amene aweta ng'ombe kwa zaka masauzande, monga Amasai, Afulani ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya. Lactose wosagayidwa amapita m'matumbo aakulu, mabakiteriya n'kumudya, n'kutulutsa mpweya. Mimba kufufuma, kulira, mwina kuthamangira kuseri. Chambiko sichivuta kwambiri chifukwa mabakiteriya owawasitsa mkaka aja amakhala atadya kale gawo lina la lactose.

Maganizo anga ndi awa, anzanga. Ngati thupi lanu silikangana ndi tirigu kapena mkaka, kuzisiya sikukuwonjezerani thanzi lililonse. Nkhani ya Djokovic ndi ya munthu mmodzi, amene nthawi yomweyo ankasinthanso zinthu zina zambiri pa maphunziro ake a masewera. Ndipo mawu akuti "gluten-free" pa paketi satanthauza kuti chakudyacho n'chopatsa thanzi. Shuga alibe gluten. Zakumwa zozizira za m'mabotolo zilibe gluten. Chimandipweteka n'chakuti wachinyamata amene amachita manyazi kunena kusukulu kuti kwawo amadya kondowole, ndi yemweyo amasirira ufa wa chinangwa womwewo ukaikidwa m'paketi yokongola m'sitolo za ku Lilongwe kapena Johannesburg, mtengo utakwera.

Koma tisamutamandenso mopitirira kondowoleyo. Chinangwa ndi sitachi pafupifupi yekhayekha, puloteni wake ndi wochepa zedi. Chimene chimapulumutsa mbale ya ku Mbungo ndi ndiwo. Usipa umadyedwa wonse, mutu ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi momwe muli kashiamu, yemwe anthu ena amamufuna mu mkaka. Chigwada ndi nsinjiro zimabweretsa puloteni ndi ayironi. Malambe, omwe pa Likoma ali mbwee, ali ndi vitamini C wambiri wothandiza thupi kuyamwa ayironiyo. Chinanso, chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide. Kuviika kwa masiku angapo, kuyanika, ndiponso kusinja ndi kuwiritsa chigwada mokwanira, si mwambo chabe, ndi chemistry yochotsa poizoniyo. Mu 1981, chilala chitavuta ku Nampula ku Mozambique, anthu ankadya chinangwa chosakonzedwa mokwanira ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda a konzo.

Nanga masabata awiri anga aja? Chovuta chinali chimodzi, nthawi ya tiyi. Pakamwa pankafuna mandasi. Azakhali anandikazingira zitumbuwa za nthochi ndi ufa wa chimanga, tsiku lina futali wa mbatata, lina phala la mpunga lothira nsinjiro. Thobwa la chimera cha mawere linalowa m'malo mwa tiyi wa mkaka. Chigumu chogula ndinkafunsa kaye, poti ena amasakanizamo ufa wa tirigu kuti chifufume. Khungu silinasalale. Koma kufufuma kwa mimba komwe ndinkakhala nako m'mawa uliwonse kunatha.

Apa mundidzudzule, chifukwa ndinalakwitsa chinthu chomwe wa Fomu 1 aliyense amachidziwa: ndinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndikanadziwa bwanji kuti wolakwa ndi tirigu kapena mkaka? Ndiye nditabwerera kumtunda ndinayamba ndi buledi yekha kwa masiku anayi. Mimba zii. Tsiku lachisanu ndinathira mkaka mu tiyi, ndipo pomakwana 10 koloko m'mimba munali ng'oma. Uku si kuyeza kwa kuchipatala, koma kunandilozera koyambira.

Chenjezo limodzi lofunika. Ngati mumatsegula m'mimba kwa masabata, mukuonda kapena mumangotopa, musayambe ndi kusiya zakudya. Pitani kuchipatala. Kuno kwathu njoka za m'mimba, likodzo ndi madzi osatetezeka zimabweretsa zizindikiro zofanana ndi zimenezi. Ndipo kuyeza coeliac kumafuna kuti munthu akhale akudyabe za tirigu. Mukasiya kaye, zotsatira zitha kuonetsa ngati mulibe vuto pomwe lilipo.

Ine mandasi ndabwerera, mkaka ndimamwa wa chambiko. Nditawaimbira azakhali kuwauza zomwe ndapeza, anangofunsa ngati usipa wouma anandipakira uja watha kuti atumize wina Ilala ikamabwera.