Mtengo wa Mkuwa Suikidwa ku Kitwe

Mkuwa umakumbidwa ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola, koma mtengo wake umatchulidwa kutali, pa msika wa London Metal Exchange. Wofuna kumvetsa mavuto a chuma cha Zambia ayambe wagwira mfundo imeneyi.

M'chaka cha 1969, pa msonkhano wa ku Matero, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 a migodi imene inali m'manja mwa makampani a Anglo American ndi Roan Selection Trust. Anthu anaomba m'manja, ndipo sanalakwe ai, pakuti chuma cha pansi pa nthaka yao chinali chitadyedwa ndi alendo zaka zambiri. Komatu umwini wa mgodi sunapatse Boma mphamvu pa mtengo. Mkuwa unakwera koposa mu 1974, ndipo pofika 1975 unali utagwa, mafuta a galimoto nawo atadula. Dziko limene magawo oposa 90 mwa 100 a ndalama zake zakunja anali kuchokera ku mkuwa linayamba kukongola, poyesa kuti mtengo udzabwerera msanga. Sunabwerere. Ngongole inakula, makina a m'migodi anakalamba, ndipo malipiro a aphunzitsi ndi makalaliki a Boma anatha mphamvu.

Migodi ija inagulitsidwa, yaikulu yotsiriza mu 2000, mtengo uli pansi. Patangopita zaka zowerengeka mafakitale a ku China anaulirira mkuwa, kufikira unapitirira madola 10,000 pa tani mu 2011.

Ena amati cholakwa chinali kutenga migodi, ena amati chinali kuigulitsa. Onsewo aphonya. Dziko la Chile, limene limakumba mkuwa woposa maiko onse, lili ndi migodi ya Boma ndi ya makampani yomwe. Chosiyana ndi ichi, chakuti mu 2001 Boma lakumeneko linadzimanga ndi lamulo lakuti bajeti iwerengedwe pa mtengo wa zaka zambiri umene akatswiri oima paokha atchula, osati pa mtengo wa chaka chimenecho, ndipo zotsala zisungidwe. Nduna ya Zachuma, Andrés Velasco, ananyozedwa ngati munthu woumira pamene mkuwa unali pamwamba. Koma mtengo utagwa kumapeto kwa 2008, nkhokwe yomweyo ndiyo inagwira dziko mu 2009.

Lamulo lotere ndi lowawa, pakuti nduna iyenera kukana anthu amene zosowa zao ndi zoona, ndalama zili m'thumba. Ku Zambia msonkho wa phindu lopambana unaikidwa mu 2008, nuchotsedwa chaka chotsatira. Mu Novembala 2020 dzikolo linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni kwa okongoza akunja, ndipo pofika Meyi 2021 mkuwa unali utadutsanso madola 10,000 pa tani.