ZA PAKHOMO: KUSANKHA COBOOLERA MATABWA CA BATIRE

Alimi anzanga, ambiri a inu mwagulitsa fodya, mtedza ndi soya, ndipo nchito ya kumunda yayamba yacepa. Ino ndiyo nyengo yokonza za m'nyumba, monga mpando wogwedera, shelefu yoikapo mbale, benchi la ana ndi citseko ca khola la mbuzi. M'masitoro a ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu muli makina oboolera matabwa oyendera batire, amene amisiri amawacha drill, ndipo ena mwakhala mukufunsa kuti yabwino ndi iti. Musanaturutse ndarama zimene mwazibvutikira caka cathunthu, dzifunseni coyamba kuti, Kodi batire lace ndizikalichaja kuti?

Drill yopanda cingwe inayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Black & Decker ku America m'caka ca 1961. Mabatire a masiku amenewo anali a mtundu wa NiCd, olemera ndi osacedwa kutha. A lero ndi a lithium, onga a m'foni mwanu. Mukapeza pa kaunjika drill yolembedwa NiCd, isiyeni ngakhale mtengo ukome, pakuti batire lace likhala litatopa kale ndipo lina simudzalipeza msanga.

Tsono za chaja. Magetsi a m'dziko lino ndi a 230V. Tembenuzani chaja muwerenge kunsi kwace. Ngati palembedwa 220-240V kapena 100-240V, iri bwino. Ngati palembedwa 120V pokha, imeneyo ndi ya ku America, ndipo mukaiika pa magetsi athu idzapsa tsiku lomwelo. Inu amene muli ndi sola panyumba, dziwani kuti machaja ambiri safuna kulumikizidwa pa batire la sola mwacindunji; afuna inveta pakati. Moto umene drill imadya si wambiri ai. Batire la 18V lolembedwa 2.0Ah limasunga moto wonga wa mafoni akuru awiri kapena atatu, cotero sola yapakati ingalidzaze pa tsiku la dzuwa. Kumene kulibe sola ndipo mumachajitsa pa golosale ya kumsika, gulani drill yobwera ndi mabatire awiri. Lina likugwira nchito, lina mwana wapita nalo pa njinga. Kumbukiraninso kuti batire la Makita silikwana pa Bosch, la Bosch silikwana pa Ingco. Mfunseni wa sitoro ngati batire la mtundu womwewo amagulitsa palokha. Akati iai, pitani kwina, cifukwa batire ndilo limayamba kufa makina ali bwino.

Manambala olembedwa pa bokosi anyenga anthu ambiri. M'kati mwa batire muli timabatire ting'onoting'ono, kali konse ka 3.6V. Tikakhala titatu, ndiye drill ija imalembedwa 10.8V kapena 12V. Ndi cinthu cimodzi. Tikakhala tisanu, imalembedwa 18V kapena 20V; ndi cimodzinso. Koma pamsika mudzaona zina zochipa zolembedwa 48V, zina mpaka 88V, batire lace losaposa dzanja la mwana. Nyamulani muyese kulemera kwace. Timabatire tisanu sitingabale 88V, ndipo wolemba bodza kunja kwa bokosi ine sindimkhulupirira pa zimene waika m'kati.

Pa nchito ya mipando, matebulo ndi mashelefu a matabwa a paini onga a ku Chikangawa, drill ya 12V ikwana. Imalemera ngati paketi imodzi ya shuga, kotero kuti mai wa pakhomo kapena mwana wamkuru angaigwire osatopa mkono. Ya 18V ndi ya munthu amene amapala mlombwa, mbawa kapena bulugamu wouma kawiri-kawiri, kapena afuna kukhomerako malata. Tija tating'ono tochajidwa ndi cingwe ca foni tingothandiza kumanga masikuruu. Kuboola thabwa lolimba sitingathe.

Muli m'sitoro, igwireni m'manja muone zinthu izi. Kukamwa kwace, kumene kumagwira nsonga yoboolera, kumakhala kwa mamilimita 10 kapena 13. Kwa 10 nkokwanira, ndipo sankhani komanga ndi dzanja, pakuti kakiyi kamataika msanga pakhomo pa ana. Pamwamba pakhale kosinthira liwiro, 1 ndi 2. Pa 1 imayenda pang'ono-pang'ono ndi mphamvu, ndipo mpomangira masikuruu. Pa 2 imathamanga, mpoboolera mabowo ang'ono. Kuseri kwa kukamwako kuli mkombero wa manambala. Anthu ambiri sadziwa nchito yace, koma ndi wofunika kwambiri kwa wokhoma mipando. Mukauika pa nambala yaing'ono, drill imalira kuti kete-kete niileka kupota sikuruu ikangolimba, motero siimira m'thabwa kapena kuduka mutu. Yambani pa nambala yotsika, muzikweza kufikira mutu wa sikuruu ulingane ndi thabwa. Wogulitsa adzakuonetsani ina yokhala ndi cizindikiro ca hamala, nati imeneyi ndiyo yeni-yeni. Hamalayo ndi ya pa konkire. Pa thabwa iribe nchito, ingoonjezera mtengo ndi kulemera.

Pa ndarama zanuzo siyaniko zina zogulira nsonga zoboolera, za mamilimita 3, 4, 6 ndi 8, ndi imodzi yaphanthi-phanthi ya mabowo akuru a miyendo ya mpando. Musanalowetse sikuruu m'mlombwa kapena pafupi ndi nsonga ya thabwa liri lonse, boolani kabowo kocepera pang'ono sikuruuyo. Mukapanda kutero thabwa ling'aluka, ndipo batire limathanso msanga polimbana nalo. Thabwa mulipanikize pa benchi kapena wina aligwire kutari ndi poboola, musaliike pa ncafu. Amai amange duku ndi citenje bwino, pakuti nsaru yolendewera imakulungidwa m'kanthawi.

Batire la lithium limadana ndi kutentha. Musalisiye padzuwa kapena pa mtanda kunsi kwa malata mwezi wa October. Mbvula ikayamba ndipo mwabwerera ku makasu, licotseni pa drill, mulisunge pouma liri ndi moto wa theka, ndipo pakapita miyezi iwiri kapena itatu mulichajeko pang'ono. Batire losiyidwa lopanda moto dzinja lonse kawiri-kawiri silidzukanso.

Ngati mungofuna mpando umodzi kapena iwiri pa caka, coboolera copukusa ndi manja cija ca amisiri akale cikadagwira nchito ndipo sicifuna chaja. Kapena kambiranani m'kalabu yanu ya ulimi mugule drill imodzi mabanja asanu, musankhe munthu mmodzi woisunga, wobwereka azilembedwa m'buku ndi kuponya kangacepe m'thumba logulira batire lina.

MLANGIZI