Pakamwa palibe risiti, tepani foni ya mu ofesi

Sabata ino nkhani ndi ya mlamu wanga wa ku Limbe, uja ali ndi kaofesi kopikulitsa nyemba ndi mtedza. Mayi wina wapabenchi anamuimbira foni kuitanitsa matumba. Mayiyo akuti ananena "fifitini", mlamu wanga akulumbira pali malemu bambo ake kuti anamva "fifite". Lole inafika ndi matumba 50, mayi anatsitsa 15 okha, enawo anabwerera, ya thiransipoti n'kupsa. Mpaka lero sapatsana moni, chonsecho agulitsana malonda zaka zambirimbiri. Mboni palibe, poti mawu apafoni amapita ndi mphepo.

Ndinamuuza kuti alamu, kompyuta mumalemberapo ngongoleyi ingathenso kusunga mawu. Tinakhala pansi Loweruka masana n'kulumikiza. Nazi zimene tinachita, mwina zikuthandizani inu muli ndi maofesi, mahawuleselo ngakhalenso makomiti a pamsika.

Choyamba chenjezo. Musayerekeze kudula nthambo ya telefoni yochokera kukhoma n'kuilowetsa mu kompyuta. Nthambo imeneyo imayenda ndi magetsi pafupifupi mavolti 48, ndipo foni ikamalira mphamvuyo imakwera kuposa apo. Mudzaotcha makina a ndalama zambiri chifukwa choumira pa kachipangizo kotchipa.

Kachipangizoko ndi adaputa yojambulira mawu a telefoni. Mumazula nthambo yopotanapotana ija, yomwe imapita ku chogwirira chapakhutu, n'kuika adaputa pakati pa foni ndi chogwiriracho. Mafoni apatebulo oyendera SIM khadi nawonso amatheka, bola nthambo yake ikhale yozuka. Ku adaputa kumachoka kanthambo kena ka pulagi yonga ya mahedifoni, ya mamilimita 3.5, kopita ku kompyuta.

Kumbuyo kwa kompyuta yapatebulo mupeza timabowo tamitundu. Kapinki ndi ka maikolofoni, kabuluu ndi ka line-in, kagirini ndi ka masipika. Ife tinayamba talowetsa mu kagirini, n'kumadabwa kuti bwanji kuli zii! Werengani pepala la adaputa yanu: zambiri zimafuna kapinki. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi kabowo kamodzi kokha ka zonse, ndiye pamenepo gulani sound card yaing'ono ya USB, nkhani yatha.

Pulogalamu yake musalipire munthu. Audacity ndi yaulere. Mukaitsegula, sankhani kabowo kamene mwalowetsamo nthambo ndipo muike pa mono. Mawu apafoni ndi opyapyala kale, choncho 8,000 Hz ndi yokwanira, ndipo mphindi imodzi imadya pafupifupi megabaiti imodzi yokha. Kenako imbirani mnzanu muyese. Yang'anani kamzere kosonyeza kukwera kwa mawu: kakamagunda kumapeto n'kufiira, tsitsani, apo ayi mudzangomva kukhadzuka. Mawu anu amamveka okwera kuposa a winayo, ndiye yesani mpaka onse awiri azimveka bwino.

Mukamva kulira kwa "mmmm" ngati njuchi zili mu botolo, kawirikawiri ndi magetsi akulowerera. Zulani chaja ya laputopu muone ngati kuleka, ndipo nthambo ya mawu isagonane ndi nthambo za magetsi. Foni ikatha sungani pompo, dzina la failo likhale tsiku ndi dzina la kasitomala. Magetsi athu mukuwadziwa, sachita kutsanzika. Lachisanu lililonse koperani zonse pa fulashi, muziisunga kwina.

Ena mukuti ife foni yathu ndi yam'manja. Kumeneko zinthu zinasintha. Mu 2022 Google inatseka njira imene mapulogalamu ambiri a pa Play Store ankatepera mafoni, ngakhale mafoni ena amabwera ndi batani lawolawo lojambulira. Apple inaika batani lotere pa iPhone mu 2024, ndipo foniyo imalengeza yokha kwa onse awiri kuti ikujambula. Zikakanika, ikani pa sipika pafupi ndi maikolofoni ya kompyuta, mutseke chitseko ndi wailesi. Phokoso la ma minibasi lilowako, koma nambala imveka.

Tsopano pamene pagona nkhani. Akuluakulu mukukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, mmene tinkayankhulira pafoni monong'ona poopa kuti pali khutu lachitatu. Tinavota pa riferendamu ya 1993 kuti mantha amenewo athe, ndipo gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zokambirana zake pa telefoni. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, la Data Protection Act. Ndiye musasanduke akazitape a mu ofesi mwanu. Muuzeni munthu foni isanapite patali: "Mayi, ndikutepa kuti tisasemphane pa oda yanu, mukuvomera?" Akakana, zimitsani, mumuuze atumize uthenga wolemba. Antchito anunso adziwe kuti foniyo imajambula. Mawu a kasitomala si oseweretsa pa WhatsApp kapena kuseketsa anzanu ku bawo, ndipo oda ikatha bwino, ndalama n'kulowa, fufutani.

Mlamu wanga wayamba kale. Chodabwitsa n'choti chiyambireni kunena kuti "ndikutepa", iye mwini wayamba kubwereza oda kawiri: "Mwati matumba khumi ndi asanu, wani faifi?" Dzana anatsegula failo ina pofuna kutsutsa kasitomala, n'kupeza kuti wolakwa anali iyeyo. Anapepesa, n'kubweza ndalama. Kompyuta ilibe mlamu, anzanga.

Kwa mayi a matumba 15 aja, ndamuuza apite yekha ndi mapazi, atanyamula kathumba ka mtedza. Zimenezo sizifuna adaputa.

Tionane sabata yamawa, malonda akuyendereni.