Kamuvi Kachikasu Sikafafaniza Zakale

Alimi ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Milange masiku ano amalandira ndalama za mbatata ndi chimanga pa foni. Chimene chimawerengera ndalamazo ndi pulogalamu, ndiye kuti malamulo olembedwa mizeremizere amene kompyuta imatsata kuchokera pamwamba kutsikira m'munsi. Pulogalamu ikayamba kulakwitsa, mlembi wake amaiimitsa pakati ndi kumaiyendetsa mzere umodziumodzi, monga mlenje wolondola mapazi a nyama.

Mu Visual Studio, chida cha kampani ya Microsoft, mumakhala kamuvi kachikasu koloza mzere umene kompyuta iti itsate tsopano. Mlembi akhoza kukoka kamuviko ndi kukaika pa mzere wina, kutsogolo kapena kumbuyo. Lamuloli limatchedwa Set Next Statement. Mu GDB, chida chimene Richard Stallman analemba mu 1986, lamulo lake ndi jump. Ubwino wake ndi wakuti munthu amalumpha mzere umene akuukayikira, kapena kubwereza umene sanauonetsetse, osayambiranso pulogalamu yonse.

Koma apa ndi pamene achinyamata ophunzira ntchitoyi amagwa m'mbuna. Kamuvi kakabwerera kumbuyo, zimene zachitika kale sizifafanizika ayi. Mayi amene wathira mchere m'ndiwo sangauchotse pongonena kuti akuyambiranso. Akathiranso, ndiwo zawawa. Chimodzimodzi, ngati mzere 10 umaonjezera mametikali 500 pa ndalama za mlimi, ndipo mlembi wabweza kamuvi pa mzere womwewo, kompyuta idzaonjezeranso 500, zonse pamodzi 1,000. Mlembi wosazindikira adzayamba kukonza mzere umene ulibe mlandu.

Kulumphira kutsogolo nakonso kuli ndi msampha. Mizere yolumphidwa siigwira ntchito konse. Ngati mzere 12 ndi umene umafunsa ngati wogula ali ndi ndalama zokwanira, kuulumpha kumachititsa kuti pulogalamu ioneke ngati yachira pamene matenda akadali momwemo. Ndi chifukwa chake zida zina zimakana kulumpha kwina: chida cha pdb cha Python sichilola kulumphira pakati pa mizere yobwerezabwereza ya for.

Tsono mlembi wanzeru akapeza cholakwa amachikonza m'malamulo enieniwo, kenaka amayendetsa pulogalamu yonse kuchokera pa mzere woyamba, kamuvi osakakhudza. Akapanda kutero, wolira adzakhala mlimi amene ndalama zake zaperewera. Paja akulu anati fulumira anadya gaga.