Bola si zigoli cabe: nkhani ya Bob Crompton

Pa pulogilamu yathu ya zamasewela tikafunsa kuti katswili wa bola ya ku England ndani, maina amabwela amodzimodzi: Shearer, Henry, Rooney, Salah. Onsewa ndi ogoletsa. Tsiku lina tinachula Bob Crompton, ndipo womvela wina anatumila foni akuseka. "Ameneyo anagoletsa zingati?"

Funso limenelo ndiye matenda athu. Tazolowela kupima munthu wa bola ndi zigoli cabe, monga kuti ena khumi aja amapita m'bwalo kukaothela dzuwa. Ife tikuti muyeso umenewu ndi wopotoka, ndipo moyo wa Crompton ndi umboni wathu.

Crompton anabadwila ku Blackburn mu 1879, tauni ya mafakitale a nsalu. Nchito yake ya manja inali yokonza mapaipi a madzi. Analowa Blackburn Rovers mu 1896 ndi kuleka kusewela mu 1920: zaka 24, timu imodzi, masewela a ligi opitilila 500. Zigoli zake za mu ligi sizinafike ngakhale 20. Malinga ndi muyeso wa womvela wathu uja, munthuyu anangotaya nthawi.

Koma taonani bola imene anali kusewela. Matimu a nthawiyo anali kuima 2-3-5: asanu kutsogolo, atatu pakati, awili cabe kumbuyo. Crompton anali wa kumanja pa awiliwo. Kusintha wosewela kunalibe. Ukavulala, unali kutsimphina mpaka fililimbi yomaliza, apo ayi anzako atsale khumi. Bola inali yacikopa, yomwa madzi, yolema mvula ikagwa. Ndipo kuyambila mu 1901 lamulo linaika malile a malipilo pa mapaundi 4 pa sabata, kaya ndiwe katswili wotani.

M'bola yotelo, England inamusankha maulendo 41 pakati pa 1902 ndi 1914, ndipo koposa 20 anali kaputeni. Musaipeputse nambala imeneyi. Masiku amenewo kunalibe World Cup, ndipo zaka zambili England inali kusewela katatu cabe: ndi Scotland, Wales na Ireland. Kuti ufike pa 41 unafunika kukhala wosalowedwa m'malo kwa zaka zoposa khumi. Panapita zaka zoposa 30 kuti wina amupitilile, ndipo amene anatelo m'ma 1950 ndi Billy Wright, nayenso wosakhala wogoletsa.

Lomba tiyeni ku zikho, popeza ndizo timakonda. Blackburn yatenga ligi yaikulu ya England katatu m'mbili yake yonse: 1912, 1914 na 1995. Funsani aliyense pa sitolo yoonetsela bola, adzakuuzani za 1995 ndi zigoli 34 za Alan Shearer. Ziwili zoyambazo, zimene kaputeni wake anali Crompton, palibe wozichula. Kodi cikho cimacepa cifukwa coti woinyamula anali wochinga kumbuyo?

Atakhala manijala, anatengela Blackburn FA Cup mu 1928 pa Wembley, pogonjetsa Huddersfield Town 3-1. Huddersfield imeneyo inali itatenga ligi katatu motsatizana, 1924 mpaka 1926. Koma mu 1931 anacotsedwa pa udindo. Mu 1936 timu inatsika ku divishoni yaciwili, kwa nthawi yoyamba m'mbili yake. Mu 1938 anamuitananso, ndipo mu 1939 anaibweza pamwamba. Anamwalila mu 1941 akali pa nchito yomweyo. Citsime cimadziwika kuya cikaphwa, ndipo wochinga kumbuyo naye timamuona pokhapo wacoka.

Tikudziwa yankho la anzathu. Akuti bola yakale inali yozizila, ndipo Crompton sakanaima pamaso pa Haaland. Mwina n'zoona, koma si ndiye mlandu wake. Shearer nayenso sakanakondwa ndi bola yonyowa ija, nsapato zolema, na bwalo la matope. Munthu amapimidwa ndi anzake a m'nthawi yake, ndipo a m'nthawi ya Crompton anamusankha caka ndi caka osatopa. Iwo anaona ndi maso. Ife timangowelenga mzele wa zigoli ndi kugamula.

Mwina mukuti nanga ife zitikhudza bwanji za mzungu amene anafa kale. Pitani pa bwalo la fumbi la m'komboni mwanu Ciwelu. Mwana aliyense afuna namba 9. Wamng'ono, wonenepa, kapena wobwela mocedwa ndiye amauzidwa kuti "iwe khala kumbuyo", monga cilango. Ana sanadzipangile okha maganizo amenewa. Anawamva kwa ife.

Kumbukilani 12 February 2012 ku Libreville. Chipolopolo inaima mphindi 120 osalola cigoli kwa Ivory Coast ya Didier Drogba. Stoppila Sunzu timamuimbila cifukwa ca penati yomaliza ija ya 8-7. Nanga akanamenya wina penatiyo, tikanakumbuka kuti iye ndi anzake akumbuyo ndiwo anatifikitsa pamenepo? Tiyankhe moona mtima.

Ife a pa wailesi tili ndi mlandu waukulu koposa onse. Timakuwa mpaka mau kutha cigoli cikalowa, koma wina akalanda bola mwaukhondo pafupi ndi golo timangoti "ngozi yapita", osachula n'komwe dzina lake. Kuyambila sabata ino, pa pulogilamu yathu, malipoti a masewela azichula amene anachinga pamodzi ndi amene anagoletsa. Ndipo kwa womvela wathu uja: foni ikali yotsegula. Koma ulendo uno mubwele ndi funso lina. Mutifunse kuti Crompton analetsa zingati.