Windows 95: nyumba yatsopano pa maziko akale

Windows 95 ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsera kompyuta yomwe kampani ya Microsoft, ya ku Redmond m'dziko la America, inayamba kugulitsa pa 24 Ogasiti 1995. Pulogalamu ya mtundu umenewu imakhala pakati pa munthu ndi makina. Ndiyo imasunga mafayilo, kugawira mapulogalamu ena memori, kulumikizana ndi kiyibodi ndi pulinta, komanso kujambula zonse zooneka pa sikirini. Pa nthawi yomwe ankaikonza, akatswiri a kampaniyo ankaitchula kuti Chicago.

Isanabwere, makompyuta ambiri a m'maofesi ankayendera MS-DOS. Munthu akayatsa makina ankakumana ndi sikirini yakuda yodikira kuti alembe lamulo, ndipo akaphonya chilembo chimodzi, palibe chinkachitika. Windows 3.1 ya mu 1992 inalipo, koma inkangokhala pamwamba pa DOS: munthu ankalemba mawu akuti win kuti mawindo atseguke. Nzeru yolozera zithunzi ndi mausi sinachokere ku Microsoft. Anaikhwimitsa ndi akatswiri a Xerox ku Palo Alto m'zaka za m'ma 1970, ndipo Apple inaifikitsa pamsika ndi Macintosh mu 1984. Chomwe Windows 95 inachita n'kuifikitsa pa makompyuta otsikirako mtengo omwe anthu miyandamiyanda anali nawo kale.

Chinthu choyamba kuoneka chinali batani la Start, pansi kumanzere kwa sikirini. Munthu akalidina pankatambasuka mndandanda wa mapulogalamu, makalata omwe watsegula posachedwa, malo osinthira kachitidwe ka makina, pofufuzira fayilo yosowa, ndi pozimitsira kompyuta. Kuchokera pa batanilo kunadutsa kamzere mpaka kumanja komwe kunali wotchi, ndipo pulogalamu iliyonse yotseguka inkakhala ndi kabatani kake pa mzerewo. Kamzereka kanathetsa vuto lenileni. Pa Windows 3.1 windo lina likabisika kumbuyo kwa linzake, ophunzira kumene ankayesa kuti ntchito yawo yatayika, n'kutsegulanso pulogalamu yomweyo kachiwiri. Tsopano chilichonse chotseguka chinali poyera. Panabweranso My Computer, khomo lolowera ku madisiki onse, ndi Recycle Bin, momwe fayilo yofufutidwa molakwitsa inkadikira mwini wake kuti aibweze. Batani la kumanja la mausi, lomwe kale linalibe ntchito yambiri, linayamba kutulutsa mndandanda wa zochita pa chinthu chomwe munthu waloza.

Kusintha kwina kunaoneka kochepa, koma mlembi wa mu ofesi ndiye ankadziwa kukula kwake. Pa DOS dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, kuphatikiza zina 3 zosonyeza mtundu wake. Lipoti la msonkhano wa mwezi wa Malichi linkakhala LIPMAL95.DOC, ndipo pakatha miyezi ingapo mwini wake yemwe ankalephera kukumbukira za mkati mwake. Windows 95 inalola mayina ofika zilembo 255, okhala ndi mipata pakati pa mawu. Mwakachetechete inkasunganso dzina lina lalifupi, longa LIPOTI~1.DOC, kuti mapulogalamu akale aziipezabe fayiloyo.

Pa mayina awiriwa ndi pomwe pali chinsinsi cha pulogalamu yonseyi. Windows 95 inali nyumba yatsopano yomangidwa pa maziko akale. Kompyuta ikamayaka inkadzerabe mu MS-DOS 7.0, ndipo mkati mwake munali mbali zatsopano za 32-bit zosakanikirana ndi zakale za 16-bit. Mapulogalamu atsopano ankagawiridwa nthawi mwadongosolo, iliyonse m'malo mwake, koma pulogalamu imodzi yakale ikauma inkatha kuumitsa makina onse. Sikirini yabuluu yonena za vuto inali yosasowa. Patapita zaka kunadziwikanso kuti makina osiyidwa oyaka masiku 49.7 osazimitsa ankatha kuima, chifukwa chowerengera nthawi cha mkati chinkadzadza. Chitetezo nachonso chinali chochepa: pa bokosi lofunsa mawu achinsinsi munthu ankangodina Cancel n'kulowa.

Zofookazi sizinabwere chifukwa cha kusadziwa. Microsoft inali kale ndi Windows NT, yotuluka mu 1993, yolimba ndi yotetezeka, koma yofuna memori yambiri komanso yokana masewera ndi mapulogalamu ena a DOS. Windows 95 inkatha kuyenda pa purosesa ya 386DX ndi memori ya 4 MB, ngakhale kuti 8 MB ndiyo inkaipepukitsa. Sukulu kapena ofesi yomwe inali itawononga ndalama zambiri pa makina ndi mapulogalamu sinakakamizidwe kutaya zonsezo. Chisankho chimenechi chinali cholondola, ndipo n'chifukwa chake pulogalamuyi inafika kutali, ngakhale kumayiko komwe kompyuta imodzi imagwira ntchito zaka zambiri isanasinthidwe.

Kuiika m'makina kunkafuna kuleza mtima. Amene analibe CD ankalandira madisiketi 13, n'kumalowetsa imodzi imodzi makina akapempha, ndipo disiketi imodzi ikakhala yowonongeka ntchito yonse inkaimira pomwepo. Kunabweranso njira ya Plug and Play yoti kompyuta izizindikira yokha chipangizo chatsopano, m'malo moti katswiri azisuntha timapini pa khadi. Poyamba inkalephera kawirikawiri, makamaka pa zipangizo zakale, koma njira inali italambulidwa.

Kutsatsa kwake kunali kwa phokoso lalikulu. Bill Gates, mkulu wa Microsoft pa nthawiyo, anakhazikitsa pulogalamuyi pamodzi ndi katswiri wa nthabwala Jay Leno, nyimbo ya gulu la Rolling Stones yotchedwa Start Me Up inamveka pa malonda a pa kanema, ndipo ku London kampaniyo inalipirira nyuzipepala ya The Times ya tsikulo kuti igawidwe ulere. Kanyimbo komveka kompyuta ikamayaka anakapeka ndi Brian Eno. M'masabata asanu oyambirira makope 7 miliyoni anali atagulidwa.

Intaneti inatsalira pang'ono. Bokosi loyamba la m'sitolo linalibe pulogalamu yoonera intaneti ya Internet Explorer, yomwe inkapezeka mu phukusi lapadera la Plus!, pa nthawi yomwe Netscape inkatsogola. Pambuyo pake Microsoft inayamba kumatiza Internet Explorer ku Windows, ndipo mchitidwewu unali pakatikati pa mlandu womwe boma la America linasumira kampaniyo mu 1998. Mtundu wa Windows 95 wa mu 1996, woperekedwa kwa opanga makompyuta okha, unabweretsa njira yosungira mafayilo ya FAT32, yomwe inachotsa malire a 2 GB pa chigawo chimodzi cha disiki, ndipo USB inayamba kugwirako ntchito mu 1997.

Windows 98 inalowa m'malo mwake, kenako Windows XP ya mu 2001 inasamutsira makompyuta a m'nyumba pa maziko a NT. Microsoft inasiya kusamalira Windows 95 pa 31 Disembala 2001. Kaikidwe ka zinthu pa sikirini ndi komwe kanatsala. Windows 8 itachotsa batani la Start mu 2012, anthu anadandaula kwambiri moti linabwezedwa chaka chotsatira, ndipo mndandanda wake unabwereranso ndi Windows 10 mu 2015. Windows 11 ya mu 2021 inangolisunthira cha pakati pa mzere wa pansi, n'kusiya mwayi woti wofuna alibwezere kumanzere.